Chigamba cha mu node_modules chikamakana: kuthetsa mavuto a patch-package

Dandaulo limene limabwerabwera pakati pa olemba mapulogalamu a JavaScript ndi lakuti munthu wakonza vuto m'paketi ya eni ake, pa kompyuta yake zonse zikuyenda, koma kwa mnzake kapena pa seva build ikugwa. Kawirikawiri munthuyo amakhala akugwiritsa ntchito patch-package, chida chimene David Sheldrick analemba. Chidachi chimatenga zimene mwasintha mu `node_modules` (foda imene npm imaikamo mapaketi a pulojekiti yanu), n'kuzisunga m'foda ya `patches` ngati fayilo ya `.patch`, kenako n'kumazibwezeretsa mukaikanso mapaketi.

Zizindikiro zimasiyana, koma gwero lake silisiyana kwenikweni. Monga chigamba cha pa chubu cha njinga, ichinso chimadulidwa molingana ndi bowo limodzi: version imodzi ya paketi, mizere yakutiyakuti ya fayilo imodzi, pamalo amodzi mu `node_modules`. Chimodzi mwa zimenezi chikasuntha, kapena lamulo lomata chigambacho likapanda kuyenda, vuto lakale limabwerera.

Chitsanzo chimene tiyende nacho

Node.js 17 itatuluka mu Okutobala 2021 inabwera ndi OpenSSL 3, imene inatseka njira yakale yowerengera hash yotchedwa MD4. Webpack 4, chida chosonkhanitsa mafayilo a JavaScript pochita build, imadalira MD4, choncho mapulojekiti ambiri anayamba kugwa ndi uthenga uwu:

```
error:0308010C:digital envelope routines::unsupported
```

Ena anaika `NODE_OPTIONS=--openssl-legacy-provider`. Ena anatsegula `node_modules/webpack/lib/util/createHash.js`, n'kusintha kuti pamene pafunsidwa `md4` pagwiritsidwe ntchito `sha256`, kenako:

```
npx patch-package webpack
```

Lamuloli limatulutsa `patches/webpack+4.46.0.patch`. Onani kuti version ili m'dzina la fayilo momwemo. Mu `package.json` mumafunika mzere wakuti `"postinstall": "patch-package"` pansi pa `scripts`, kuti npm iziyendetsa patch-package yokha ikamaliza kuika mapaketi.

Musanafufuze china chilichonse, yendetsani `npx patch-package` popanda dzina la paketi, n'kuwerenga zimene yanena. Zikakhala bwino imalemba `Applying patches...`, kenako dzina la paketi ndi version yake ndi kachizindikiro kochonga. Zimene yalemba m'malo mwake ndi zimene zikuuzeni gawo loti muwerenge m'munsimu.

1. Kwa inu zikuyenda, kwa ena vuto lakale lidakalipo, ndipo palibe uthenga uliwonse

Apa chigamba sichinaikidwe n'komwe. Yambirani pamwamba:

- Foda ya `patches` sinalowe mu Git. Lembani `git ls-files patches`. Pakapanda kutuluka kanthu, simunachite commit. Ngati `git add` ikukana, `git check-ignore -v patches/*` ikuonetsani mzere wa mu `.gitignore` umene ukubisa mafayilowo.
- Mzere wa `postinstall` palibe. Zimachitika kwambiri anthu awiri akasintha `package.json` nthawi imodzi, wina pophatikiza n'kutaya mzere wa mnzake.
- Mwaika paketi ina ndi `npm install dzina-lake`. Mu npm 7 kupita m'tsogolo, lamulo lokhala ndi dzina la paketi siliyendetsa `postinstall` ya pulojekiti yanu. Ngati pamenepo npm inatsitsanso paketi yachigamba ija, chigamba chapita. Yendetsani `npm install` yokha kapena `npx patch-package`.
- Ma script anatsekedwa. Lembani `npm config get ignore-scripts`. Magulu ambiri anaika `ignore-scripts=true` mu `.npmrc` pambuyo pa nkhani ngati ya ua-parser-js mu Okutobala 2021, pamene akuba analanda paketiyo n'kuikamo script ya `preinstall` yotsitsa mapulogalamu oipa. Chitetezo chimenecho n'choyenera, musachichotse chifukwa cha chigamba. Ingowonjezerani sitepe ya `npx patch-package` pambuyo pa `npm ci`.
- Yarn 1 pambuyo pa `yarn remove`. Yarn 1 siyendetsa `postinstall` mukachotsa paketi. Ikani paketi ya `postinstall-postinstall`, imene inalembedwera vuto lomweli.

Pali khalidwe lina la chidachi limene aliyense ayenera kulidziwa. Pa kompyuta yanu, chigamba chikakana, patch-package imalemba uthenga wofiira koma imatuluka ngati kuti zonse zatheka, ndipo npm imapitiriza. Pa CI, makina amene amayesa khodi ndi kuchita build okha khodiyo ikatumizidwa, ndi pamene imagwetsa ntchito yonse. Uthenga wofiirawo umamira mosavuta m'mizere yambirimbiri ya npm. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kusintha mzere uja kukhala `"postinstall": "patch-package --error-on-fail"`, kuti vuto liime pamaso pa munthu amene walibweretsa, lisakaonekere pa seva patapita masiku.

2. Uthenga wakuti `Failed to apply patch for package`

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo lili ndi magwero angapo.

Version yasintha. Pa onse, ili ndi lofala kwambiri. Mu `package.json` munalembedwa `"webpack": "^4.46.0"`, ndipo kachizindikiro ka `^` kamalola version iliyonse yatsopano ya 4. Wina wayendetsa `npm update`, kapena wafufuta `package-lock.json` pofuna kuthetsa vuto lina, kapena Dependabot, roboti ya GitHub yokweza mapaketi, yatumiza PR (pempho lophatikiza khodi), ndiye webpack yakwera kufika 4.47.0. Yerekezani nambala ya m'dzina la chigamba ndi imene `npm ls webpack` ikuonetsa. Zikasiyana, musathamangire kulemba chigamba chatsopano. Choyamba werengani zimene eni paketi analemba za version yatsopanoyo. M'chitsanzo chathu, webpack 4.47.0 inabwera ndi MD4 yakeyake yosadalira OpenSSL, monga inachitira webpack 5.61.0. Kutanthauza kuti chigamba chatha ntchito: chifufuteni, chitani commit, basi.

Ngati eni ake sanakonze, pali njira ziwiri. Yachidule ndi kubwerera ku version yakale n'kuikhomerera:

```
npm install --save-dev --save-exact webpack@4.46.0
```

Yokhalitsa ndi kulembanso chigamba pa version yatsopano:

1. Tsegulani fayilo yakale ya `.patch`, mumvetse chimene mizere yoyamba ndi `+` ndi `-` ikuchita.
2. Isamutsireni kunja kwa foda ya `patches`, yendetsani `npm ci` kuti mupeze paketi yosakhudzidwa.
3. Muli pamwamba pa pulojekiti, yesani `git apply --reject` pa fayilo ija. Zigawo zimene zikugwirizanabe zilowa, zokanika zisungidwa m'mafayilo a `.rej`.
4. Konzani zokanikazo pamanja, fufutani mafayilo a `.rej`, yesani build, kenako `npx patch-package webpack`.

Mu patch-package 8 mulinso `--partial`, imene imaika zigawo zotheka n'kulemba zokanika pambali.

Nthawi zina version imasintha koma chigamba n'kulowabe, ndipo mumangolandira chenjezo la `version mismatch`. Musalinyalanyaze. Kulowa kwa chigamba kumangosonyeza kuti mizere yozungulira sinasinthe, sikutsimikizira kuti khodi ikuchitabe zimene inkachita. Yesani pulogalamu, kenako yendetsani `npx patch-package webpack` kuti dzina la fayilo lifanane ndi version imene ilipo. Paketi iliyonse imene ili ndi chigamba ndi bwino kuikhomerera pa version yeniyeni kuyambira tsiku loyamba, kuti kukwera kwake kukhale chosankha cha munthu.

`node_modules` yanu ndi yodetsedwa. Munasiya `console.log` pofufuza, kapena mwachoka pa branch imene inali ndi chigamba china cha fayilo yomweyo. Version ndi yomweyo koma mizere yasiyana. `npm ci` imafufuta foda yonse n'kuyambiranso. Kwa amene timawerengera bandulo ya intaneti, `npm ci --prefer-offline` imatenga mapaketi mu cache ya npm ya pa kompyuta yanu m'malo mowatsitsanso onse.

Fayilo ya chigamba yawonongeka. `git log -p patches/` ikuonetsani amene anaikhudza komanso chimene chinasintha. Zimene zimaiwononga:

- zizindikiro za `<<<<<<<` zotsala pambuyo pa merge;
- edita imene imadula mipata ya kumapeto kwa mizere mukasunga fayilo, pomwe m'chigamba mpata uliwonse uli ndi ntchito;
- munthu amene anawonjezera mzere pamanja osasintha manambala a pa mzere woyamba ndi `@@`.

Bwezani fayilo yoyambirira kuchokera mu Git. Kuti edita isabwerezenso, ikani `trim_trailing_whitespace = false` pansi pa `[*.patch]` mu `.editorconfig`.

Mathero a mizere pa Windows. Ngati chigamba chikukana kwa anthu a Windows okha, lembani `git ls-files --eol patches/`. Mukaona `i/lf` pambali pa `w/crlf`, Git yasintha mathero a mizere potulutsa fayilo. Ikani mzere uwu mu `.gitattributes`, kenako fufutani mafayilowo n'kuwatulutsanso ndi `git checkout`:

```
patches/*.patch -text
```

3. Chigamba chalowa, chizindikiro chochonga chaoneka, koma palibe chasintha

Ili limadya nthawi yambiri chifukwa chida chikukuuzani kuti zonse zili bwino.

Cache ikupereka khodi yakale. Webpack 5 ikamasunga cache pa disiki, imaona `node_modules` ngati malo amene munthu sakhudza, choncho imangoyang'ana dzina ndi version ya paketi, osati zamkati mwa mafayilo. Chigamba sichisintha version, ndiye webpack sidziwa kuti pachitika kanthu. Chotsani cache ya chida chimene mukugwiritsa ntchito:

- webpack ndi babel-loader: fufutani `node_modules/.cache`
- Next.js: fufutani `.next`
- Vite: `npx vite --force`, kapena fufutani `node_modules/.vite`
- React Native: `npx react-native start --reset-cache`
- Jest: `npx jest --clearCache`

Mwasintha fayilo imene siwerengedwa. Mapaketi ambiri amabwera ndi khodi yomweyo m'makope angapo: `src`, `dist/cjs`, `dist/esm`, nthawi zinanso `.min.js`. Kusintha mu `src` kawirikawiri sikuchita kanthu, chifukwa imene imayenda ndi ya mu `dist` kapena `lib`. Tsegulani `package.json` ya paketiyo, muone `main`, `module` ndi `exports`. Zimathekanso kuti Jest ikuwerenga kope la CommonJS (`dist/cjs`) pomwe bundler ngati webpack ikuwerenga la ESM (`dist/esm`), moti mayeso akudutsa koma pulogalamu ikugwabe. Njira yotsimikizira ndi yosavuta: ikani `throw new Error("ndafika pano")` pamwamba pa fayilo imene mwasintha. Build ikapanda kugwa, fayiloyo siwerengedwa. Kumbukirani kuchotsa mzerewo musanapange chigamba.

Paketi ilipo kawiri. `npm ls webpack` ikhoza kuonetsa 4.46.0 pamwamba ndi 4.44.2 pansi pa `react-scripts`, popeza react-scripts 4.0.3 inakhomerera version imeneyo. Inu mwamata ya pamwamba, pomwe build ikuyendera ya mkati. Yam'katiyo imatchulidwa chonchi:

```
npx patch-package react-scripts/webpack
```

ndipo dzina la fayilo limakhala `react-scripts++webpack+4.44.2.patch`. Dziwani kuti npm ikhoza kusamutsa paketi yotereyi kuchoka mkati kupita pamwamba mapaketi ena akasintha, ndipo pamenepo mudzaona uthenga wakuti `Patch file found for package ... which is not present`. Ngati ma version awiriwo akhoza kugwirizana, `overrides` ya npm, imene inayamba mu 8.3, kapena `resolutions` ya Yarn imachititsa kuti pakhale kope limodzi.

Vuto lili m'paketi inanso. Uthenga wa OpenSSL uja sutuluka mu webpack mokha. Ma version akale a babel-loader ndi terser-webpack-plugin nawonso amaitana MD4 paokha. Werengani mizere ya pansi pa uthenga wa vuto, muone dzina la foda imene yatchulidwa koyamba, musanaganize kuti chigamba chanu chalephera.

Munasintha `package.json` ya paketiyo. Patch-package imasiya fayilo imeneyi dala. Mukhoza kuikakamiza ndi `--exclude '^$'`, ndipo zimathandiza ngati mukukonza `exports` kapena `main`. Koma kusintha `dependencies` m'menemo sikuthandiza, popeza chigamba chimalowa npm itamaliza kale kusankha zoti itsitse. Imeneyo ndi ntchito ya `overrides`.

4. Zikugwa mu Docker kapena pa CI pokha

- `patch-package: not found`. Chidachi chili mu `devDependencies`, koma seva ikuyendetsa `npm ci --omit=dev`. Chisamutsireni ku `dependencies`. Ngati uthengawu ukuchokera m'foda ya paketi ina osati yanu, ndiye kuti eni paketiyo anaitulutsa ili ndi `postinstall` yawo. Auzeni, ndipo pakadali pano bwererani ku version yapitayo.
- `No patch files found`. Dockerfile yakopera `package.json` ndi lockfile (`package-lock.json`) zokha isanayendetse `npm ci`. Ikani `COPY patches ./patches` pamwamba pa `RUN npm ci`, muonenso `.dockerignore`.
- Chigamba cha paketi ya `devDependencies` chikugwetsa production. Webpack sikhalapo kumeneko, ndiye chigamba chake chimasowa pomata. Sinthani dzina kukhala `webpack+4.46.0.dev.patch`, ndipo chidzadumphidwa pamene `NODE_ENV` ili `production`.
- CI ikusunga `node_modules` yonse. Ngati kiyi ya cache imangodalira lockfile, mukasintha chigamba CI imabweza foda yokhala ndi chigamba chakale. Pa GitHub Actions lembani `hashFiles('package-lock.json', 'patches/')`.

5. Kupanga chigamba kukukanika, kapena chatuluka chachikulu modabwitsa

Popanga chigamba, chidachi chimatsitsa kope loyera la paketi m'foda yongoyembekezera, n'kuyerekeza ndi lanu pogwiritsa ntchito Git. Motero pamafunika intaneti, Git ndi lockfile. Paketi ikakhala ya registry ya kampani, onani ngati mwalowa ndi chilolezo choyenera. Pulojekiti ikakhala ndi `yarn.lock` ndi `package-lock.json` zonse ziwiri, fufutani imene simugwiritsa ntchito. Chikanena kuti palibe zosintha, mwina mwakonza kope lina la paketi, kapena `npm install` yafufuta ntchito yanu musanaisunge.

Chigamba cha mizere masauzande pomwe munasintha iwiri chimachokera ku chimodzi mwa zinthu ziwiri. Kapena edita yakonzanso fayilo yonse ndi Prettier posunga, kapena, mu React Native, Gradle yasiya zotsalira zake mu `android/build` ya paketiyo. Yambaninso ndi paketi yoyera, zimitsani kukonza kwa posunga, ndipo gwiritsani ntchito:

```
npx patch-package dzina --exclude 'android/build/|package\.json$'
```

Nthawi zonse werengani fayilo ya `.patch` musanachite commit. Iyenera kukhala yaifupi moti mnzanu akhoza kuiwerenga yonse mu PR.

6. Ngati muli pa pnpm kapena Yarn 2 kupita m'tsogolo

Zida zimenezi zili ndi njira yawoyawo, ndipo ndi imene muyenera kugwiritsa ntchito. Pa pnpm musasinthe mafayilo mu `node_modules` mwachindunji, chifukwa amalumikizana ndi nkhokwe imodzi imene mapulojekiti onse a pa kompyuta yanu amagawana. `pnpm store status` imaonetsa mapaketi amene akhudzidwa motero. Njira yoyenera ndi `pnpm patch webpack@4.46.0`, imene imakupatsani foda yogwiriramo ntchito, kenako `pnpm patch-commit` ndi dzina la fodayo. Chigamba chimalembedwa pansi pa `patchedDependencies` komanso mu lockfile. N'chifukwa chake mukasintha fayilo ya chigamba osayendetsa `pnpm install`, CI imakana ndi `ERR_PNPM_LOCKFILE_CONFIG_MISMATCH`. Yendetsani `pnpm install`, chitani commit ya `pnpm-lock.yaml`.

Pa Yarn ndi `yarn patch dzina`, kenako `yarn patch-commit -s` ndi foda imene yakupatsani. Mafayilo amapita mu `.yarn/patches`, choncho onetsetsani kuti `.gitignore` sikubisa foda imeneyo pamodzi ndi zina za mu `.yarn`.

Pamene muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

- Khodi yokhudza chitetezo kapena ndalama. Kusintha hash mu webpack kunali kotheka chifukwa hash imeneyo imangotchula mayina a mafayilo ndi ma module. Kusintha paketi yotsimikizira ma token, yobisa mapasiwedi, ya TLS kapena yolandira malipiro ndi nkhani ina. Chigamba chozimitsa kutsimikizira satifiketi kuti uthenga wa vuto uchoke chimatsegulira akuba chitseko. Pezani katswiri wa chitetezo aone musanatumize.
- Mafayilo a mu `node_modules` asiyana ndi oyambirira popanda amene anawasintha, kapena npm ikunena `EINTEGRITY` ngakhale mutayeretsa cache. Imitsani build, musayendetsenso ma script, dziwitsani woyang'anira chitetezo cha makina anu.
- Khodi ya C, C++, Kotlin kapena Swift imene simuidziwa bwino. Cholakwika m'menemo chikhoza kugwetsa pulogalamu pa mafoni ena okha, inu osachiona.
- Layisensi. MIT ndi BSD zimalola kusintha malinga mwasunga mawu a eni ake. GPL, LGPL ndi AGPL zili ndi malamulo okhudza kupereka khodi imene mwasintha mukamagawa pulogalamu, ndipo AGPL imakhudzanso yoyendera pa seva. Ngati pulogalamu ndi yogulitsa, funsani loya wodziwa nkhani zimenezi.
- Chigamba chimakana pafupifupi pa version iliyonse, kapena chakula kukhudza mafayilo ambiri. Pamenepo mukusamalira paketi ya eni ake popanda mayeso ake. Kambiranani ndi mtsogoleri wa gulu zopanga fork (kope lanulanu la paketiyo) yokhala ndi mayeso, kapena zosamukira ku paketi ina.

Ngati vutolo ndi lenileni m'paketi, eni ake ayenera kulimva. `npx patch-package dzina --create-issue` imatsegula tsamba la issue pa GitHub zosintha zanu zili kale momwemo. Lembani ulalo wa issue imeneyo, chifukwa cha chigamba ndi version imene chinapangidwira mu `patches/README.md`, kuti amene adzakweze paketiyo chaka chamawa adziwe choti aone asanasankhe kufufuta chigambacho kapena kuchilembanso.